Dzanja Lomwe Linali Kukhoma

Febuluwale 1975

Mwezi umenewu ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo m'mawa wanga woyamba pantchito ndinauthera nditaima pachipata cha unduna wina ku Capital Hill, maso ali pansapato zanga. Ana anga, zomwe ndikulembazi ndikuzitapa m'makope amene ndinayamba kulembamo ndili Fomu 1. Pakamwa panga panali polemera chibadwire, ndiye zomwe ndinkalephera kuuza anthu ndinkaziuza kope. La chaka chimenecho lili ndi chikuto chobiriwira, ndipo njenjete zinadya ngodya imodzi.

Boma linali mkati mosamuka kuchoka ku Zomba. Malole ankafika atasenza makabati ndi mafayilo omangidwa ndi zingwe, matayala ali psuu ndi matope. Anthu a ku Zomba ankatsika akudandaula kuti kuno kulibe phiri loti munthu n'kupumitsirapo maso. Ine ndinkakhala kwa azakhali ku Old Town, kuseri kwa msika, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawoloka mlatho kukakwera basi ya antchito. Ntchito yanga inali yaulonda. Amayi anali atayamba kuchuluka m'maofesi, ndipo mlonda wamwamuna sakanapisa dzanja m'chikwama cha mkazi wa mwini, choncho panafunika mkazi mmodzi pachipata. Mkaziyo ndinali ine, pakati pa amuna khumi ndi anayi.

Amene anandipezera malowo anali a Sajeni Mbewe, mkulu wa alonda tonse. Anali msilikali wakale, wa imvi, wachifuwa ngati chitseko. Mudzi wawo unayandikana ndi wathu kufupi ndi Mitundu, ndipo iwo ndi atate anga ankakhala benchi limodzi la akulu a mpingo. Tsiku loyambalo anandiitanira pambali.

"Aginesi, ndawauza abwana kuti mwana wa a Yohane saba ndipo sanama. Usandiyalutse."

Ndinagwada pasimenti ponyowa n'kunena kuti ndamva.

Kalata yanga inkati ndili pamiyezi itatu yoyesedwa, ndipo pamapeto pake ndidzayenera kukhoza mayeso odziteteza monga mlonda aliyense watsopano. Wolephera ankabweza yunifolomu. Ndikanaibweza ine, kwathu kunkandidikira khasu, komanso mlimi wina wa fodya, wa akazi awiri kale, amene amalume anali atayamba kumwa naye tiyi.

Malichi 1975

Mphunzitsi wathu anali a Gondwe, mkulu wina wa m'maofesi a m'mwamba, wochokera ku Rumphi. Anali munthu wamfupi, wamagalasi, wolankhula motsitsa. Kunja komwe anakachita maphunziro a ntchito anaphunzirakonso jujitsu, kulimbana kopanda zibakera. Ankati mlonda safunika kuswa munthu mutu ndi chibonga, afunika kumgwira mpaka apolisi afike, ndipo ndewu zambiri zimathera pansi, komwe wamng'ono atha kugonjetsa wamkulu ngati akudziwa poika manja.

Tinkaphunzirira m'galaja la nyumba yawo ku Area 11, Lachitatu tikaweruka ndi Loweruka masana. Galimoto ankaitulutsa panja. Pansi tinkayala matumba a utuchi omwe tinkapempha kwa akalipentala omanga maofesi, pamwamba pake n'kuyala lona, chinsalu chokhuthala chofunditsira katundu. Majekete olimbanirana analipo asanu okha, osokedwa ndi matumba akale a makalata, ndipo tinkasinthana akadali onyowa ndi thukuta la mnzako. Masiku amenewo lamulo silinkalola mkazi kuoneka poyera atavala buluku. Mayi Gondwe anandisokera langa, ndipo ndinkalivalira m'chipinda cha ana awo, n'kumanga chitenje pamwamba. Chitenjecho ndinkachimasula chitseko cha galaja chikatsekedwa, Mayi Gondwe atakhala pampando pakona ndi zoluka zawo, kuti pasadzapezeke wonena kuti mtsikana anatsekeredwa yekha ndi amuna.

Sabata ziwiri zoyamba tinaphunzira kugwa ndi kuthawa pansi pa munthu. Kenako tinafika pa kukanyanga ndi kolala. Ndinalemba zonse m'kope momwe a Gondwe anazinenera. Mnzako agone chagada, iwe ukhale pamimba pake, maondo atapana nthiti zake. Dzanja lamanzere litsegule kolala yake, lamanja lilowe mkati, chikhatho chitayang'ana kumwamba, lipite mpaka zala zikafike kunkhongo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Dzanja loyamba likalowa pang'ono, ngakhale ukoke mpaka mawa sizitheka. Ukatero usathamangire. Iye ayamba kulimbana ndi dzanja lako, akankha, atukula chiuno kuti akugwetse, ndipo iwe ungoponda pansi ndi dzanja linalo n'kudikira. Akangotukula chigongono, dzanja lachiwiri lidutse kukagwira kolala ya mbali inayo, mikono yako ipingasane pansi pa chibwano chake.

"Si pam'mero ayi," ankatero a Gondwe, akukweza magalasi ndi chala. "Mukafinya m'mero munthu amakwiya, ndipo mutha kumvulaza. Ife tikufuna mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi. Ndipo musatambasule zigongono ngati nkhuku yoyamba kuuluka. Zikokereni kunthiti zanu, mutu wanu utsike mpaka ukhudze lona pamwamba pa mutu wake. Amene akukoka ndi msana, osati manja."

Kenako anatiuza lamulo lomwe ankalibwereza tsiku lililonse. Ukaona m'maso mukuyamba mdima, gogoda kawiri ndi dzanja, palona kapena pathupi la amene wakugwirayo. Wogwirayo akamva kugogoda asiye pomwepo, osafunsa, osayang'ana kwa mphunzitsi. "Muno kugogoda si manyazi," ankatero. "Ndi chimene chimatilola kudzabweranso Lachitatu tonse tili moyo."

A Sajeni ankangopukusa mutu. "Ine kunkhondo sindinakwezepo manja, bwana. Ndidzayambire m'galaja?" Anyamata ankaseka mowakomera. Ndipo zinalidi zoona kuti palibe amene anawagogodetsapo. Ankabisa chibwano pachifuwa, khosi n'kusowa.

Epulo 1975

Ndinadabwa kuona kuti manja anga aang'onowa anali ndi mwayi wake. Ankalowa m'kolala momwe manja a amuna ankakanika. Lameki, mlonda wa msinkhu wanga amene ankanditcha "sisitere" chifukwa chosalankhula, ndinamugogodetsa katatu Loweruka limodzi. Anadzuka akutsokomola.

"Kolalayi ndi yotakasuka, bwana, si iyeyu ayi."

"Valani ina," anatero a Gondwe. Anavala ina, ndipo anagogodanso.

Vuto langa linali pa akuluakulu. Kwathu ndinaleredwa kuti munthu wamkulu sumuyang'ana m'maso, sumudutsa kumutu atakhala pansi, ndipo pompatsa madzi umagwada. Tsopano ndinkauzidwa kukhala pamimba pa bambo wa msinkhu wa atate anga n'kumufinya khosi. Manja ndinkaika bwinobwino, zonse m'malo mwake, koma ndikangomva munthu akupuma mobanika, zala zanga zinkamasuka zokha.

"Mwasiyiranji, mama?" anafunsa a Gondwe tsiku lina.

"Ndimaona ngati ndikuwapweteka."

"Agogoda?"

"Ayi."

"Ndiye wakuuzani ndani kuti musiye? Tsiku lina pachipata padzabwera munthu wa imvi ali ndi mpeni m'thumba. Mudzamugwadiranso?"

Iwo anavula magalasi n'kuwapukuta pamalaya. "Ndikuuziranitu. Pamayeso mukadzasiya munthu asanagogode, ndidzalemba kuti mwalephera. Sindingaike pachipata munthu amene manja ake ali ndi maganizo awoawo."

Tsikulo ndikuvula buluku m'chipinda, Mayi Gondwe analowa n'kutseka chitseko. Anandigwira dzanja n'kuliyang'ana, zala zili zosupuka ndi nsalu yokhakhala ija. "Mwana wanga, ine ndine namwino," anatero. "Ndimabaya jekeseni akuluakulu oposa amenewa, atavula. Ulemu ndimawapatsa ndisanabaye, ndimawapatsanso ndikamaliza. Pakatipo ndimabaya." Mawu amenewo ndinawalemba m'kope, n'kuwadula mzere kunsi.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka ndinkaveka mtsamiro jekete yakale ya amuna awo a azakhali n'kumayeserera kuseri kwa nyumba. Azakhali ankandisuzumira akusankha nyemba. "Koma boma limeneli," ankatero, "anthu akuphunzira taipi, iwe ukuphunzira kupha pilo."

Meyi 1975, Loweruka

Tinali anayi oyesedwa. Alonda ena onse anabwera kudzaonerera, atakhala pabenchi lalitali kumbali ya chitseko. Mbali inayo ya lona inagunda khoma. A Gondwe analemba maina a alonda akale patimapepala, n'kutiponya m'chipewa. Woyesedwa ankayamba ali pamwamba, ndipo ankapatsidwa mphindi zitatu kuti agogodetse mnzakeyo, amene ankayenera kukana ndi mphamvu zake zonse. Lameki anatola, anakhoza. Wachiwiri anakhoza, wachitatu analephera. Ine nditatambasula kapepala kanga ndinaona dzina la a Sajeni.

Pabenchi panamveka mluzu. "Sisitere, pempheranitu!" anakuwa Lameki.

A Sajeni anavala jekete osandiyang'ana, n'kugona chagada, dzanja lawo lamanzere lili mbali ya kukhoma. Ndinagwada kaye pambali pawo n'kunena motsitsa kuti, "Pepani, bambo." Kenako ndinakwera.

Chibwano chawo chinali chitamatirira kale pachifuwa. Ndinatsegula kolala, dzanja langa lamanja linakwawa m'mbali mwa khosi, pansi pa khutu, mpaka ndinamva msoko wa kunkhongo pazala. Iwo anagwira mkono wangawo ndi manja onse awiri n'kutukula chiuno mwamphamvu. Ndinaona denga likupendama, koma ndinaponda lona ndi dzanja lamanzere n'kukhalabe. Anatukulanso, kachitatunso. Ankapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pamtunda. A Gondwe anati yatsala mphindi imodzi. Pamenepo a Sajeni anasiya mkono wanga n'kukankha bondo langa kuti apulumukire pansi, ndipo chigongono chawo chinatseguka. Dzanja langa lachiwiri linadutsa n'kugwira.

Ndinamva mawu a mtima wanga akuti siya, awa ndi anzawo a atate ako. Ndinatsinzina. Ndinakokera zigongono kunthiti, mutu wanga unatsika mpaka chipumi chinakhudza lona. Galaja lonse linati zii. Ndinkamva mtsempha wa m'khosi mwawo ukugunda pamkono wanga, ndevu zawo zikundibaya. Miyendo yawo inapalasa kamodzi.

Kenako ndinamva zala pakakolo kanga ka mbali ya kukhoma. Kawiri, mofewa, ngati munthu wogogoda pakhomo la odwala.

Ndinasiya pomwepo.

A Sajeni anandikankhira pambali n'kukhala tsonga. Maso awo anali ofiira, akuyang'ana mopanda kuona. Anakoka mpweya kawiri, katatu. Kenako anaseka, mawu ali osasa.

"Wasiyanso! Mwana ameneyu ndi waulemu, bwana, koma ntchito iyi si yake."

Benchi lonse linaphulika. Wina anati, "A Sajeni ndi chitsulo!" Ine ndinali chigwadire palona. A Gondwe anali ataima mbali ya kuchitseko nthawi yonseyo, ndipo thupi langa ndilo linawatchinga. Anabwera n'kuima patsogolo panga.

"Mama, agogoda?"

Ndinayang'ana a Sajeni. Iwo ankamanga lamba, maso ali kumbali. Amuna khumi ndi anayi ankandiyang'ana. Kuti ndinene kuti inde, ndiye kuti ndanena pamaso pa anyamata awo kuti mkulu wa mpingo, amene anandipezera ntchito, ndi wabodza. Ndinaweramitsa mutu, ndipo a Gondwe analemba kanthu papepala lawo.

Meyi 1975, Lamlungu

Titatuluka m'tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinayenda wapansi mpaka ku Area 11, kudutsa m'tchire lomwe linkalekanitsa Old Town ndi City Centre nthawi imeneyo, nsapato za kutchalitchi zili m'manja. Ndinapeza a Gondwe akuthirira maluwa. Ndinagwada pa udzu, koma mawu omwe ndinawakonza njira yonse anathawa.

Iwo anatseka mpopi. "Dzulo dzanja lamanzere la a Sajeni linali kuti?"

Ndinazula kaudzu kamene kanali pafupi ndi bondo langa.

"Mama, ine ndaphunzitsa anthu ambiri. Munthu amene sanafike pogogoda sadzuka maso ali choncho. Koma sindilemba zomwe ndikuganiza, ndimalemba zomwe ndaona kapena zomwe ndauzidwa. Inu simunandiuze kanthu." Anapinda paipi pang'onopang'ono. "Pepala ndikapereka mawa masana. Mawa m'mawa, tisanapite kuntchito, onse adzakhala pano. Amene analephera ndiwapatsa mwayi umodzi, ndipo adzasankha okha mnzawo ndi kagwiridwe. Mukasankha Lameki mukhoza, tonse tikudziwa."

"Zikomo, bwana."

"Koma mudziwe kuti amene adzakhale nanu pachipata zaka zonsezi ndi aja anaseka dzulo aja. Tsiku la mavuto, adzathamangira kukuthandizani kapena adzati sisitere wasiyanso?"

Kuchoka apo ndinapita kwa a Sajeni ku Kawale. Ndinawapeza pakhonde akupolisha nsapato za ntchito, atamanga kansalu m'khosi ngakhale kunali dzuwa. Akazi awo anandiyalira mphasa n'kulowa m'nyumba. Tinapatsana moni, anafunsa za azakhali, ndinayankha. Kenako ndinati, "Bambo, dzulo lija..."

"Dzulo lija chiyani?"

"Ndinamva dzanja lanu."

Burashi inaima. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi munthu wokalamba, wokalamba kuposa momwe ankaonekera atavala yunifolomu.

"Aginesi, anyamata aja sindiwalamula ndi kalata. Sukulu ndilibe. Lameki amawerenga Chingerezi, ine ayi. Chomwe ndili nacho n'chakuti amadziwa kuti Mbewe sagonja. Ukandichotsera chimenecho nditsala ndi chiyani?" Anayambanso kupolisha. "Iwe ndiwe mwana, ndiwe mkazi. Ukabwerera kumudzi palibe adzakuseke. Ndidzalankhula ndi a Yohane, ndidzati unayesetsa."

"Mawa a Gondwe atipatsa mwayi wina."

"Ndamva. Sankha Lameki, zithe. Ndi nzeru imeneyo."

Ndinatsanzika mwaulemu. Panjira ndinalira pang'ono, chifukwa ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadzikwiyira kuti ndikuwamvera chisoni. Anali okonzeka kuti ine ndikakhale mkazi wachitatu wa mlimi wa fodya kuti iwo asaoneke akugogoda. Komabe kuwaneneza pagulu sindikanatha, ndipo ndinadziwa kuti sindidzatha. Kusankha Lameki kukanandisungira yunifolomu, koma ndikanaivala pakati pa anthu okhulupirira kuti manja anga amamasuka pa munthu wamkulu.

Ndili pamlatho ndinakumbukira kagwiridwe kena kamene tinakaphunzira kawiri kokha. Mnzako amakhala pansi, iwe kumbuyo kwake, zidendene zako zitakola mkati mwa ntchafu zake. Dzanja limodzi limadutsa paphewa, pansi pa chibwano, kukagwira kolala, linalo limadutsa m'khwapa n'kukokera kolala inayo pansi kuti nsalu isatakasuke. Ukatero umatsamira chambuyo pang'onopang'ono. N'kovuta kuposa kwa pamimba, ndipo pa munthu wobisa chibwano ngati a Sajeni ndikanatha kutha mphindi zitatu ndikufunafuna khosi. Koma amene wagwidwa choncho amakhala chifuwa chili poyera, manja ake onse awiri ali kutsogolo.

Ndinafika kunyumba dzuwa likupendeka. Ndinachapa buluku langa n'kuliyanika m'chipinda, osati panja. Kenako ndinatenga kope lobiriwira lija, ndipo zomwe ndinalemba ndi izi, ndikukopera momwe zilili:

"Mawa sindisankha Lameki. Ndisankha a Sajeni. Sindinena kanthu za dzulo, kwa iwo kapena kwa wina aliyense. Ndiwagwadira ndisanayambe, ndiwagwadiranso ndikamaliza. Ndipempha kagwiridwe ka kumbuyo. Msana wanga ndiwo ukhale kukhoma, iwo ayang'ane kubenchi."